KUVUTIKA MAGANIZO KWA MAI ATABEREKA

Mwana akabadwa m'komboni, anansi amabwera ndi sopo ndi matewera kudzaona khanda. Maso onse amakhala pa mwana. Nanga mai wake amamuyang'ana ndani?

Ku kiliniki timalandira amai odandaula mutu kapena kuthamanga kwa mtima. Tikafunsitsa, amayamba kulira. Vuto lili m'maganizo.

Amai ambiri amalira popanda cifukwa pakapita masiku 2 kapena 3 atabereka. Izi zimabwera cifukwa ca kutopa ndi kusintha kwa mahomoni m'thupi, ndipo zimatha zokha pasanathe masabata 2. Zikapitirira pamenepo, amenewo ndi matenda. Bungwe la WHO likuti m'maiko osauka, pafupifupi mai mmodzi mwa amai 5 amadwala motere akabereka.

Zizindikiro zake ndi izi:
1. Kukhala wacisoni tsiku lonse.
2. Kusowa tulo ngakhale mwana atagona.
3. Kusafuna kudya kapena kusamba.
4. Kusakondwera ndi mwana ndi kudziona wolephera.
5. Kuganiza zodzipha kapena zopweteka mwana.

Si ulesi, si mwano, ndipo si ufiti. Matendawa amagwira kwambiri mai amene anavutika pobereka, womenyedwa ndi mwamuna, wosowa ndalama za lendi ndi unga, kapena amene anadwalapo maganizo kale. Kumudzi mai akakhala m'cikuta, acembere ndiwo amamuphikira ndi kumutungira madzi. Kuno ku tauni ambiri amatsala okha.

Abambo ndi apongozi, musamukalipire. Mulandireni mwana kuti agoneko, muthandizeni kucapa, ndipo mverani zimene akunena. Muperekezeni ku kiliniki. Musadikire tsiku la sikelo kapena la kupimidwa pa masabata 6. Tidzapima magazi, pakuti kucepa kwa magazi nakonso kumafooketsa. Tidzakambirana naye, ndipo alipo mankhwala amene angamwe uku akuyamwitsa. Matenda akakula, timatumiza kwa akatswiri monga a ku Chainama mu Lusaka.

CENJEZO: Mai akayamba kumva mau amene ena sakuwamva, kusokonezeka, kapena kukamba za imfa, musamusiye yekha ndi mwana. Pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Matendawa amacizika. Mawa mukapita kukaona khanda la mnansi wanu, mufunsenso mai wake kuti, "Nanga inu amake mwana, mumtima muli bwanji?"