Kufupika kwa Msinkhu pa Ukalamba: Mafunso ndi Mayankho

Munthu akamakalamba msinkhu wake umabwerera pansi, kaya ndi wamwamuna kapena wamkazi, kaya ndi wa mtundu wanji. Kufupika kwina n'kwachibadwa ndipo sikudetsa nkhawa. Kwina ndi chizindikiro cha matenda a mafupa kapena a msana amene ali ndi mankhwala. Kwa anthu a ku Zóbuè ndi m'boma lonse la Moatize, kumene moyo umadalira khasu, kusenza ndi kuyenda pansi, kusiyanitsa mitundu iwiriyi n'kofunika kwambiri.

1. Kodi munthu amafupikadi, kapena n'chifukwa choti ana amamupitirira?

Amafupikadi. Munthu amasiya kutalika ali ndi zaka pafupifupi 20, ndipo msinkhu wake umakhazikika kwa zaka zingapo. Akapitirira zaka 40, ambiri amataya pafupifupi sentimita 1 pa zaka 10 zilizonse, ndipo kutsikako kumafulumira akadutsa zaka 70. Kafukufuku wa ukalamba amene anayamba mu 1958 mumzinda wa Baltimore ku America anapima anthu omwewo mobwerezabwereza kwa zaka zambiri. Anapeza kuti pakati pa zaka 30 ndi 70, amuna amataya masentimita pafupifupi 3 ndipo akazi masentimita 5. Pofika zaka 80, amuna amakhala atataya masentimita 5 ndipo akazi masentimita 8.

2. Kodi n'chiyani chimene chimafupika m'thupimo?

Gawo lalikulu ndi msana. Mafupa aatali a m'miyendo sasintha kwenikweni. Msana uli ndi timafupa 33 tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa, 5 m'munsi mwa msana, ndipo totsalato tinalumikizana m'chiuno. Pakati pa timafupa timeneti pali mnofu wofewa wokhala ndi madzi ambiri, womwe umagwira ntchito ngati nkhata pakati pa mutu ndi mtsuko. Minofu yotereyi ilipo 23, ndipo pamodzi imakwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kwa msana.

Masana kulemera kwa thupi kumafinya madzi a m'minofuyi, usiku munthu akagona madziwo amabwereramo. N'chifukwa chake ngakhale wachinyamata amakhala wamtali ndi sentimita 1 kapena 2 m'mawa kusiyana ndi madzulo. Pa ukalamba minofuyi imauma ndi kupyapyala osabwereranso mwakale. Pa nthawi yomweyo minofu yochirikiza msana imafooka, mawondo ndi chiuno sizitambasukanso bwino, ndipo mapazi amaphwatalala. Chilichonse mwa izi chimachotsako pang'ono.

3. N'chifukwa chiyani amayi amafupika kwambiri kuposa abambo?

Fupa ndi lamoyo. Nthawi zonse thupi limagumula fupa lakale n'kumamanga latsopano. Kufikira zaka pafupifupi 30, kumanga kumaposa kugumula, ndipo pambuyo pake zinthu zimatembenuka pang'onopang'ono. Mwa amayi, timadzi ta m'thupi totchedwa estrogen timachepetsa kugumulako. Mayi akasiya kusamba, nthawi zambiri ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55, timadziti timachepa kwambiri, ndipo m'zaka 5 mpaka 10 zotsatira mafupa amatha mofulumira. Komanso mafupa a akazi amakhala ocheperapo kale poyerekeza ndi a amuna.

Kubereka ndi kuyamwitsa si vuto. Mafupa amaperekadi kashiamu wopangira mkaka, koma mwana akaletsedwa kuyamwa mafupawo amabwerera mwakale, malinga mayiyo azidya mokwanira.

4. Kodi kufupika kumayamba kudetsa nkhawa kukafika pati?

Azachipatala ali ndi miyeso iwiri. Munthu amene wataya masentimita oposa 4 kuchokera pa msinkhu wake wa paunyamata ayenera kupimidwa msana. Chimodzimodzi amene wataya masentimita 2 kapena kuposa m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Zizindikiro zina ndi izi: msana kupweteka mwadzidzidzi atanyamula kanthu kapena atagwa pang'ono, msana kupindikira kutsogolo m'kanthawi kochepa, nthiti zam'munsi kuyandikira mafupa a m'chiuno, mimba kutulukira kutsogolo munthu asananenepe, ndi diresi kapena malaya kuyamba kutalika.

5. Kodi matenda ofooketsa mafupa ndi otani?

Dzina lake lachipatala ndi osteoporosis. M'kati mwa fupa muli timibowo tambirimbiri. Matendawa amakulitsa timibowoto ndi kupyapyalitsa makoma ake mpaka fupa limalephera kupirira katundu wamba. Sapweteka kufikira fupa litathyoka, ndipo amene amathyoka kwambiri ndi mafupa a msana, a m'chiuno ndi a pamkono pafupi ndi dzanja. Bungwe la International Osteoporosis Foundation limati padziko lonse, mwa anthu opitirira zaka 50, mayi mmodzi mwa atatu ndi bambo mmodzi mwa asanu adzathyoka fupa chifukwa cha matendawa.

Fupa la msana silithyoka pakati ngati la mwendo. Limafwafwanyika kutsogolo kwake n'kukhala lalifupi mbali imodzi. Mafupa angapo akatero, msana umapindika ndipo munthu amafupika ndi masentimita angapo. Pafupifupi awiri mwa atatu a mafupa othyoka motere sadziwika kuchipatala, chifukwa mwiniwake amangoti ndi msana wa ukalamba. Kuopsa kwake n'koti fupa limodzi likafwafwanyika, lina silichedwa kutsatira. Msana ukapindika kwambiri umapanikiza mapapo ndi mimba, moti munthu amapuma movutikira, amakhuta msanga ndipo amaonda.

6. Kodi linunda lililonse limabwera ndi ukalamba?

Ayi. Msana wa ukalamba umapindika mozungulira ndiponso pang'onopang'ono. Linunda losongoka, lotuluka pamalo amodzi, nthawi zambiri limayamba ndi TB ya msana. Tizilombo ta chifuwa chachikulu timatha kuchoka m'mapapo n'kukadya mafupa a msana, ndipo izi zimagwira ana ndi akulu omwe. Mozambique ili m'gulu la mayiko 30 amene bungwe la WHO limawawerengera kuti ali ndi TB yochuluka kwambiri. Chiopsezo n'chachikulu kwa amene ali ndi HIV ndiponso kwa amene anapuma fumbi la m'migodi kwa nthawi yaitali, kaya ku Moatize kapena ku South Africa.

Munthu amene msana ukumupweteka kwa milungu ingapo, uku akuonda, akutentha thupi madzulo ndi kutuluka thukuta usiku, ayenera kuyezedwa TB ngakhale sakutsokomola. TB ya msana imachizika. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, amamwedwa kwa miyezi yosachepera 6, ndipo madokotala kawirikawiri amatalikitsa nthawiyo mpaka miyezi 9 kapena 12. Kuchedwa kumatha kupha miyendo. Khansa ina, monga ya prostate mwa abambo ndi ya m'mawere mwa amayi, imafalikiranso ku msana n'kufooketsa mafupa ake. Miyendo ikayamba dzanzi kapena kulefuka, kapena munthu akayamba kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

7. Kodi kulima ndi kusenza katundu kumafupikitsa munthu?

Ntchito payokha imalimbitsa mafupa, pakuti fupa limakhwima likamanyamula thupi. Mlimi wokwera ndi kutsika mapiri a ku Zóbuè amapindula kuposa munthu wongokhala pampando. Vuto limabwera ndi kuchuluka kwa katundu ndi kanyamulidwe kake. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo mtolo wa nkhuni kapena thumba la makala lingapose pamenepo. Kusenza katundu wotere tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri kumaperepesa mafupa a m'khosi ndi minofu ya pakati pake. Khasu la mpini waufupi limaweramitsa munthu maola ambiri pounga mizere, popalira ndi pobandira. Kwa munthu amene mafupa ake afooka kale, kuwerama ndi kunyamula chinthu cholemera pa nthawi imodzi ndiko kumafwafwanya fupa la msana.

Wokalamba asasiye ntchito, koma aichepetse kulemera. Madzi atunge m'chigubu chaching'ono, mpini wa khasu ukhale wautali, aziwongoka pafupipafupi ali m'munda, ndipo potola katundu pansi apinde mawondo msana uli wowongoka.

8. Nanga ndi zinthu zina ziti zimene zimafooketsa mafupa?

Fodya, wosuta kapena wofwenkha, amalepheretsa fupa kudzimanga. Mowa wambiri, makamaka kachasu, umawononga mafupa komanso umagwetsa munthu. Kuonda kwambiri, kusowa zakudya paubwana, kugona pamphasa nthawi yaitali chifukwa cha matenda, ndi kukhala ndi kholo limene linathyokapo fupa la m'chiuno, zonsezi zimakulitsa chiopsezo.

Mankhwala ena amakhudzanso mafupa. Prednisolone, amene ena amagula okha chifukwa cha mphumu kapena nyamakazi, amafooketsa mafupa akamwedwa kwa miyezi itatu kapena kuposa. Jakisoni wolera wa Depo amachepetsako mphamvu ya mafupa, koma yambiri imabwerera akasiyidwa. HIV imafooketsa mafupa, ndipo tenofovir, amene ali m'ma ARV ambiri, amachotsakonso pang'ono. Ichi si chifukwa chosiyira ma ARV, pakuti kusiya n'koopsa koposa. Woyenera kusintha mankhwala ndi dokotala yekha.

9. Kodi msinkhu ungapimidwe bwanji kunyumba?

Munthu avule nsapato ndi mpango, aime pamalo osalala, zidendene, matako ndi mapewa zitagunda khoma, maso ali kutsogolo. Wina aike buku kapena thabwa pamutu pake n'kulemba chizindikiro pakhomapo pamodzi ndi tsiku. Izi zizichitika kamodzi pachaka, m'mawa, pamalo omwewo. Msinkhu wolembedwa pa chiphaso chakale cha BI ungathandize kuyerekeza, ngakhale suyenera kudaliridwa kotheratu. Ngati nkhongo ikulephera kugunda khoma munthu ataima motero, kapena ngati mpata wa pakati pa nthiti yam'munsi ndi fupa la m'chiuno sukuposa zala ziwiri, msana ufunika kuunikidwa kuchipatala.

10. Kodi ndi zakudya ziti zimene zimateteza mafupa?

Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu pafupifupi 1,000 a kashiamu pa tsiku, ndipo amayi osiya kusamba ndi okalamba amafunika pafupifupi 1,200. Nsima ili ndi kashiamu wochepa kwambiri, choncho nkhani ili pa ndiwo. Kapu ya mkaka ya mamililita 250 imapereka mamiligalamu pafupifupi 300, koma mabanja ambiri sapeza mkaka tsiku lililonse. Chigawo cha Tete chili ndi zolowa m'malo mwake. Kapenta wa ku Cahora Bassa, usipa ndi matemba zimadyedwa ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo ndimo muli kashiamu. Masamba monga bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, chigwada ndi chamwamba alinso naye wambiri. Phala la mawere ndi ufa wa malambe zimawonjezerapo. Nyemba, nandolo, mtedza, mazira ndi nyama ya mbuzi zimamanga minofu yochirikiza msana.

Kashiamu salowa bwino m'thupi popanda vitamini D, amene khungu limapanga likawombedwa ndi dzuwa. Dzuwa ku Tete silisowa, koma wokalamba wobindikira m'nyumba akhoza kuperewedwa, choncho aziwothera dzuwa la m'mawa. Kuwongola mtengo n'poyamba: mafupa amene munthu adzakalambe nawo amamangidwa makamaka paubwana ndi paunyamata, moti mtsikana wodya bwino lero akuteteza msana wake wa zaka 70.

11. Kodi kugwa kungapewedwe bwanji?

Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kwa a zaka 65 kupita m'tsogolo limawonjezera zophunzitsa thupi kuima osadzandira masiku atatu pa sabata. Kuyenda, kuvina, kudzuka pampando kangapo osagwirira, ndi kuima ndi mwendo umodzi atatsamira khoma, zonsezi zimathandiza. Njira ya kuchimbudzi ndi kubafa isalazidwe, makamaka nyengo ya dzinja pamene mitsetse imaterera. Usiku pazikhala tochi. Patapata wakutha alowedwe m'malo ndi nsapato zogwira phazi, ndodo ikhale yofika m'chiuno, ndipo maso a ng'ala akaonetsedwe kuchipatala chifukwa ng'ala imachotsedwa.

12. Kodi chipatala chingabwezeretse msinkhu wotayika?

Msinkhu wotayika chifukwa cha fupa lofwafwanyika kapena mnofu wouma subwerera. Wotayika chifukwa chongozolowera kuwerama ungabwerereko pang'ono minofu ikalimba. Cholinga cha chithandizo ndi kuletsa fupa lina kuthyoka, kuchepetsa ululu ndi kupeza matenda obisika. Poyambira ndi kwa wazaumoyo wa m'mudzi kapena pachipatala chaching'ono chapafupi, kumene amatha kutumiza wodwala ku Moatize kapena ku Hospital Provincial de Tete. X-ray imaonetsa mafupa ofwafwanyika. Makina a DXA, opima kulimba kwa mafupa, sapezeka m'zipatala zazing'ono, koma dokotala akhoza kuyamba chithandizo potengera X-ray, zaka za wodwala ndi mbiri yake. Mwa mankhwala odziwika pali alendronate, womwedwa kamodzi pa sabata m'mawa munthu asanadye, ndi kapu yodzaza madzi, ndipo womwayo sagona pansi kwa mphindi 30. Mphini, kupsinja msana mwamphamvu ndi kuukoka siziwongola fupa, ndipo zingathyole lina.

13. Kodi banja ndi mudzi zili ndi udindo wanji?

Msana wopindika, maso ofiira ndi kuyenda ndi ndodo ndi zotsatira za zaka, utsi wa kukhitchini ndi ntchito ya moyo wonse. Si zizindikiro za ufiti, ndipo kunamizira wokalamba chifukwa cha maonekedwe ake ndi nkhanza. Lamulo nambala 3/2014 la dziko la Mozambique limateteza ufulu wa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndipo bungwe la INAS limapereka chithandizo cha ndalama kwa okalamba osauka kudzera mu pulogalamu ya PSSB. Udindo wa tsiku ndi tsiku uli m'manja mwa ana ndi adzukulu: kulandira agogo katundu wolemera, kuwasungira ndiwo zabwino, kuwapima msinkhu chaka ndi chaka, ndi kuwaperekeza kuchipatala. Kutaya masentimita awiri kapena atatu m'zaka makumi angapo ndi ukalamba. Kutaya oposa 4, kufupika mwadzidzidzi, kapena kufupika kotsagana ndi ululu, kuonda kapena dzanzi, kungakhale chizindikiro cha matenda, ndipo munthuyo afunika kupimidwa msanga.