Mbewu ya Mbatata Siisungidwa M'nkhokwe

M'mudzi wina wa pakati pa Nyimba ndi Petauke, chapafupi ndi msewu wa Great East, muli mayi amene anthu ankamudziwa chifukwa cha mbatata (kandolo) yake yofiira mkati. Mbewuyo anailandira kwa mlangizi wa zaulimi pa zaka zimene mitundu yatsopano monga Olympia inkafalitsidwa m'midzi ya chigawo cha Kum'mawa. Ana ake ankadya mbatatayo m'mawa asanapite kusukulu, masamba ake ankakhala ndiwo, ndipo yotsala ankaiunjika m'mphepete mwa msewu, pamodzi ndi anzake ogulitsa nthochi kwa okwera mabasi a ku Lusaka ndi ku Chipata.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene sankachita: kusunga mbewu. Akakumba mu Meyi ndi mu Juni, zingwe ankazisiya m'munda kuti mbuzi ndi nkhumba zidye. Mlamu wake anali ndi dimba kudambo, ndipo chaka chilichonse mvula ikagwa mayiyu ankangopita ndi thumba kukadula zingwe kumeneko.

Apongozi ake anamuchenjezapo. "Amake mwana, kandolo uyu mukumukonda, nanga bwanji simusungako wanu? Dimba la mwini ndi la mwini."

"Amayi, musadandaule," anayankha motero. "Alamu alipo, ndipo chitsime chawo sichinaphwepo."

Kenaka kunabwera chilala cha 2024. Mvula inadula mu Januwale ndi mu Febuluwale, chimanga chili pakati pa kumasula, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko la Zambia lili pa tsoka. Chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinaonongeka. M'munda wa mayi uja chimanga chinapsa, koma mbatata inapirira n'kubereka pang'ono. Chifukwa cha njala, banjalo linakumba yonse, ina n'kudya, ina n'kugulitsa kuti ligule ufa. Palibe ndi imodzi yomwe imene inaikidwa pambali.

Pofika Seputembala chitsime cha mlamu chija chinaphwa. Msipu utatha kutchire, ng'ombe zinathyola mpanda wa dimba usiku wina n'kumaliza zingwe zochepa zimene zinali zikadali moyo. Mvula itabwerera, mayiyu anapita ndi thumba lake monga mwa nthawi zonse.

"Alamu, ndabwera kudzadula mbewu ija."

"Pepani mlamu wanga," anatero mwini dimba, "onani nokha. Ngakhale ine ndilibe chodzala."

Anayenda midzi ingapo osapeza kanthu, pakuti aliyense amene anali ndi zingwe ankayamba wadzala munda wake. Mapeto ake anagula mtolo kwa munthu wosamudziwa, Januwale ali kumapeto. Wogulitsayo analumbira kuti ndi yofiira mkati. Patapita masabata angapo masamba anayamba kufota, kupiringizika ndi kuchita mawanga achikasu. Pokumba anapeza timbatata towonda, toyera mkati, tambiri tobooledwa ndi anankafumbwe, towawa moti ngakhale ana anakana. Mtundu umene unamudyetsa zaka zambiri unatheratu pakhomo pake.

Chinamugwetsa mayiyu si chilala chokha. Iye ankaiona mbatata ngati chimanga kapena mtedza, zimene njere zake zimagona m'nkhokwe miyezi yambiri n'kudzamera mvula ikagwa. Mbatata sitero. Mbewu yake ndi chomera chamoyo, ndipo kuno chiyenera kukhala chamoyo kuyambira Meyi mpaka Novembala, miyezi imene kulibe mvula, kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumachedwetsa kukula kwake, kutentha kwa Okutobala kumaumitsa nthaka, ndipo ziweto zimayenda momasuka. Chinangwa ndi nthochi za ku Nyimba zili m'gulu lomweli: phesi kapena mwana wa nthochi akafa, palibe thumba la njere loti mukatsegule.

Vutoli alimi a kutali akulidziwanso. Ku Ulaya ndi ku America kuli kamtengo kokometsera zakudya kotchedwa French tarragon. Sikabereka njere zomera, choncho amakachulukitsa pogawa mizu kapena kudula nthambi. Nyengo yozizira ikamayandikira, mwini dimba amakadulira, n'kuphimba tsinde ndi udzu kapena masamba ouma, ena n'kukaika mumphika pamalo otetezeka, akusamala kuti mizu isakhale m'madzi chifukwa imaola. Amene wakalekerera n'kuthamangira kukagula njere m'sitolo amabwera ndi mtundu wina, Russian tarragon, wofanana masamba koma wopanda fungo lija. Iwo amalimbana ndi chisanu, ife ndi chilimwe, koma wogula mbewu mothamanga amalira mofanana.

Kugula zingwe kwa munthu wosamudziwa kuli ndi ngozi ziwiri. Yoyamba ndi yakuti mtundu sudziwika mpaka pa tsiku lokumba. Yachiwiri ndi matenda a mavairasi, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu ndi tintchentche toyera. Matendawa amakhala mkati mwa chingwe, ndipo ukadzala chingwe chodwala wadzala matendawo m'munda wonse. Kudzala mochedwa kumawonjezera pamenepo. Mbatata imafika pokhwima mvula itatha, nthaka imang'ambika, ndipo anankafumbwe amalowera m'ming'alu imeneyo kukaikira mazira.

Mbatata yofiira mkati ndi yosayenera kuitaya chisawawa. Ili ndi chakudya chimene thupi limasandutsa vitamini A, woteteza maso ndi kulimbitsa thupi la mwana ku matenda. Ntchito yoifalitsa mu Africa inalemekezedwa mu 2016 pamene Maria Andrade, Robert Mwanga ndi Jan Low a bungwe la International Potato Center analandira mphoto ya World Food Prize, pamodzi ndi Howarth Bouis. Akatswiri angatulutse mtundu wabwino, koma woti ausunge pakhomo panu ndinu.

Amene ali ndi dimba la madzi okhalitsa asankhe zingwe kuchokera ku zomera zathanzi pokumba, azidzale pabedi laling'ono, aphimbire ndi udzu, amange mpanda wolimba, ndipo chomera chilichonse chooneka chodwala achizule msanga.

Amene alibe dimba ali ndi njira ina, yosunga mbatata yeniyeniyo mumchenga, imene alangizi amaitcha Triple S. Pokumba, sankhani mbatata zosakula kwambiri, zopanda bala la khasu ndiponso zopanda pobooledwa, zochokera ku zomera zosadwala. Yalani manyuzipepala m'beseni, thirani mchenga wouma ndi wozizira, n'kundandalika mbatatazo mosakhudzana. Thiraninso mchenga, ikani zina, mpaka pamwamba pakhale mchenga wokhuthala. Beseniyo ikhale m'nyumba pamalo ozizira, posafika madzi, makoswe ndi nkhuku. Mwezi uliwonse fukulani muone, ndipo yoola kapena yogwidwa ndi anankafumbwe muichotse. Kukatsala masabata 6 mpaka 8 kuti mvula iyambe, kuno ndiye kumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, tulutsani mbatatazo zitayamba kuphuka, muzikwirire pabedi lotchingidwa pafupi ndi nyumba, n'kumathirira kawiri pa sabata. Madzi ofunika ndi ochepa, oti munthu angathe kusenza kuchokera pa mjigo. Mbatata 40 zokha, zikasamalidwa bwino n'kudulidwa maulendo angapo, zingapereke zingwe zoposa 1,000, ndipo zimakhala zokonzeka mvula yoyamba ikangogwa.

Chovuta pa njira imeneyi si ntchito ayi, koma mtima. Pa chaka cha njala, kuika pambali mbatata 40 ana akuziyang'ana n'kowawa, ndipo kholo lililonse lingamvetse chimene mayi uja anachita. Koma mbatata 40 zimatha m'masiku ochepa, pamene zosungidwazo zimadzaza munda wodyetsa banja miyezi ingapo. Muwauze anawo chifukwa chake beseniyo siyenera kukhudzidwa.

Akuluakulu anati zengerezu analinda kwawukwawu. Inu amene mukukumba chaka chino, musayembekeze Disembala kuti muyambe kufunsa kumene kuli mbewu. Sankhani ya chaka chamawa pa tsiku loyamba la kukumba, musanadye ndiponso musanagulitse. Ngati muli ndi mlamu wa dimba, thokozani, koma sunganinso yanu, kuti chitsime chake chikadzaphwa inu mudzamugawireko.