PHUNZIRO 14: MAPAZI ATHU NDI NTHAKA YATHU

Tiwerenge pamodzi

Phazi. Mapazi. Nthaka. Nsapato.
Phazi limapita kumunda.
Phazi limapita kumsika.
Phazi likadwala, khasu limagona.

Phazi ndi chida cha ntchito

Ife anthu a ku Mongue ndife alimi. Timalima chimanga, nandolo, nyemba ndi chinangwa. Timayenda pansi kupita kumunda, kuchitsime ndi kuchigayo. Ena timafika ku Milange, pansi pa phiri la Tumbine. Ena timawoloka malire pa Muloza kukaona abale ku Mulanje. Maulendo onsewa amayenda ndi mapazi.

Phazi limodzi lili ndi mafupa 26. Khasu timalinola, njinga timaithira mafuta. Nanga phazi timalisamala bwanji?

Kuyenda wopanda nsapato si manyazi

Makolo athu ankayenda opanda nsapato. Ambiri a ife tinakula chimodzimodzi. Khalidweli lili ndi ubwino wake.

Phazi lopanda nsapato limapita mphepo. Zala zimatambasuka bwino ndipo minofu imalimba. M'matope phazi limagwira pansi kuposa patapata. Chikopa cha kuphazi chimakhuthala. Mu 2019 akatswiri anayeza mapazi a anthu a ku Kenya ndi a ku America. Anapeza kuti chikopa chokhuthalachi chimateteza phazi, koma phazilo limamvabe pamene laponda.

Mu 1960 Abebe Bikila wa ku Ethiopia anathamanga makilomita 42 mu mzinda wa Rome wopanda nsapato. Anaposa anzake onse a m'mayiko ena pa masewera a Olimpiki. Mu 1964 anapambananso ku Tokyo, ulendo uno atavala nsapato. Mphamvu inali mwa iye, osati mu nsapato.

Choncho tisanyoze mnzathu wopanda nsapato. Komanso tidziwe kuti m'nthaka muli adani. Ena ndi aang'ono kwambiri, saoneka ndi maso. Tiyeni tiwadziwe mmodzimmodzi.

Mdani woyamba: njoka za m'mimba

Pali mtundu wa njoka za m'mimba umene sulowera pakamwa. Umalowera kuphazi.

Munthu wodwala akachita chimbudzi kutchire, mazira a njokazi amagwera m'dothi. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri mazira aja amaswa. Pakapita sabata imodzi tiana take timakhala tokonzeka. Timadikira m'dothi lonyowa, pamthunzi. Tikaponda pamenepo, timaboola khungu, makamaka pakati pa zala. Timayenda ndi magazi mpaka m'mapapo. Kuchoka apo timakwera kukhosi, ife n'kumeza osadziwa. Tikafika m'matumbo timaluma ndi kuyamba kuyamwa magazi.

Munthu amayamba kufooka. Zikhatho ndi m'zikope mumayera. Akalima mizere iwiri watopa. Mwana sakula bwino ndipo amaodzera m'kalasi. Mayi wapakati amachepa magazi, ndipo pobereka moyo wake umakhala pangozi.

Matendawa anavutanso alimi osauka a kumwera kwa dziko la America. Mu 1909 kunayamba ntchito yaikulu yolimbana nawo. Zida zake zinali zitatu: mankhwala, zimbudzi ndi nsapato. Zida zathu ndi zomwezo. Kuchipatala kuli mapiritsi a albendazole ndi mebendazole opha njokazi. Koma tikamwa mapiritsi n'kumapitabe kutchire, njoka zimabwereranso.

Mdani wachiwiri: matekenya

Thekenya ndi kautitiri kakang'ono ngati kamchenga. Kwawo kwenikweni ndi ku South America. Matekenya anafika ku Angola pa sitima yapamadzi yochokera ku Brazil m'zaka za m'ma 1870. Pasanathe zaka 30 anali atafalikira mpaka kuno kummawa kwa Africa.

Njoka zija zimakonda chinyontho cha dzinja. Matekenya amakonda fumbi la chilimwe. Amakhala m'nyumba zosazira, pakhonde lafumbi ndi pafupi ndi khola. Nkhumba, agalu, amphaka ndi makoswe amawanyamula.

Thekenya lalikazi limalowa pansi pa chikhadabo kapena pakati pa zala. Limatupa mpaka kukula ngati nsawawa yaing'ono. Limataya mazira ambiri pansi, ndipo mazirawo amaswa m'fumbi la m'nyumba mwathu momwe. Amene amavutika kwambiri ndi ana ndi okalamba. Mwana wa matekenya ambiri amatsimphina, anzake amamuseka, mapeto ake amasiya sukulu.

Tinazolowera kuchotsa thekenya ndi munga kapena phini. Apa pali ngozi. Munga wakuda umalowetsa matenda pachilonda. Phini imodzi yogwiritsa banja lonse ingathe kupatsirana matenda a m'magazi. Tisathire parafini kapena mankhwala a mbewu pachilonda. Titsuke phazi ndi sopo. Matekenya akachuluka, kapena chala chikatupa ndi kutuluka mafinya, tipite kuchipatala.

Mdani wachitatu: munga, msomali ndi kafumbata

Chitsa, munga, botolo losweka ndi msomali zimalasa phazi. Bala lake limaoneka laling'ono koma limakhala lakuya. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi mu ndowe. Timakonda bala lotere. Pakapita masiku angapo nsagwada zimauma, thupi limakungika. Ambiri odwala kafumbata amamwalira.

Tikalasidwa, titsuke bala ndi madzi oyera ndi sopo. Tisaikepo dothi, phulusa kapena ndowe. Bala likakhala lakuya tipite kuchipatala tsiku lomwelo. Katemera wa kafumbata alipo. Ana ndi amayi apakati asaphonye katemerayu.

Mdani wachinayi: njoka ya m'njira

Mphiri sithawa ikamva munthu akubwera. Imagona phee m'njira kapena m'mapesi. Nthawi zambiri njoka imaluma kuphazi kapena m'kakolo. Patapata sateteza pamenepo. Jombo ndizo zimateteza.

Munthu akalumidwa, tisatemere pabala, tisayamwe, tisamange chingwe cholimba. Timuvule zibangili, tigoneke mwendo kuti usagwedezeke, timunyamule msanga kupita naye kuchipatala.

Amene sayenera kuyenda opanda nsapato

Pali anzathu amene mapazi awo anachita dzanzi. Ena ndi odwala matenda a shuga. Ena anadwalapo khate. Munga ukawalasa samva. Akaponda khala la moto samva. Bala limakula osadziwa, ndipo ena amadulidwa chala kapena mwendo.

Mu 2008 dziko lathu la Mozambique linalengeza kuti khate lachepa kwambiri. Koma silinatheretu, ndipo kuno ku Zambezia odwala amapezekabe. Khate limachizika. Mankhwala ake ndi aulere, ndipo amamwedwa miyezi 6 kapena 12. Tikaona banga loyera pakhungu losamva kukhudza, tikaonetse kuchipatala.

Anzathu awa avale nsapato zofewa tsiku lonse, ngakhale pakhomo. Madzulo aliwonse ayang'ane kunsi kwa mapazi. Ngati maso saona bwino, mdzukulu awathandize.

Nsapato yoipa nayonso imapweteka

Nsapato yothina imatulutsa matuza ndi kupinda zala. Jombo zonyowa m'kati zimaoletsa khungu pakati pa zala. Pogulira mwana nsapato pamsika, tipite naye. Tisiye mpata wa chala chimodzi kutsogolo. Tikaweruka kumunda tivule jombo, tiziyanike. M'mawa tizikutumule tisanavale, chifukwa chinkhanira chimakonda kugonamo.

Nsapato ivalidwe kuti?

Ndalama ndi zochepa, ndipo ana ndi ambiri. Tonse tikudziwa zimenezi. Mwina pakhomo pathu aliyense ali ndi nsapato imodzi yokha. Ambiri timaisunga m'sutikesi kudikira Lamulungu, ukwati kapena msonkhano. Ena timainyamula m'manja njira yonse, n'kuivala tikayandikira.

Tiganize bwino, anzathu. M'tchalitchi ndi mumzikiti ndi mosesa. Adani aja sali m'menemo. Ali kuchimbudzi, kukhola, kudzala, kumunda ndi m'njira usiku. Kumeneko ndiko nsapato ikufunika. Pabwalo losesa bwino ndi m'nyumba yozira, phazi la munthu wabwinobwino lingathe kupuma.

Nsapato siyenera kukhala yokwera mtengo. Nkhwayira za tayala zimakhala zaka. Patapata akaduka timamulumikiza. Tikagulitsa nandolo, tiyambe taganizira mapazi a ana, a mayi wapakati ndi a agogo.

Zoti tichite pakhomo

1. Tikumbe chimbudzi, tiike chivindikiro, ndipo tonse tizipita kumeneko. Chimbudzi cha mwana titaye m'dzenje momwemo.
2. Tiike patapata pakhomo, wovala popita kuchimbudzi.
3. Tizire nyumba kawirikawiri ndi kusesa tsiku lililonse.
4. Nkhumba zikhale m'khola, kutali ndi nyumba yogona.
5. Madzulo titsuke mapazi ndi sopo, tipukute pakati pa zala, tidzole mafuta m'ming'alu ya zidendene.
6. Kamodzi pa sabata tiyang'ane zala za ana.
7. Usiku tiyende ndi tochi.

Banja limodzi likachita izi lokha, phindu ndi lochepa. Mazira a njoka sadziwa malire a munda. Nkhumba yoyendayenda sidziwa pakhomo pa mwini wake. Nkhaniyi tiitengere kwa amfumu, ndipo tiitane mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, amene timamutcha APE, kuti mudzi wonse ugwirizane.

Tiyankhe

1. Kodi njoka za m'mimba zimalowa bwanji m'thupi la munthu wopanda nsapato?
2. Kodi matekenya amachuluka nyengo iti?
3. N'chifukwa chiyani munthu wa shuga sayenera kuyenda wopanda nsapato?

Tikambirane

Kodi m'mudzi mwathu ndi nyumba zingati zilibe chimbudzi? Tingathandize bwanji agogo amene alibe wowakumbira?

Tiwerengere

Phazi limodzi lili ndi mafupa 26. Mapazi awiri ali ndi mafupa angati? Nanga mapazi a anthu 5?

Tilembe m'makope mwathu

Nditsuka mapazi ndi sopo.
Ndivala nsapato popita kuchimbudzi.
Ndiyang'ana zala za mwana wanga lero.