Kuphunzitsa za Nyengo ndi Malo a m'Chigawo cha Kummwera: Tiyambire pa Phiri la Chiradzulu

Chiyambi

Tsiku lina tikuyendera anzanu amene anali kuyeserera uphunzitsi pasukulu ina m'boma la Chiradzulu, tinamva ana akutchula nyengo za chaka pamtima mosaphonya. Koma titafunsa kumene kumachokera nkhungu imene inali itaphimba phiri m'maŵa umenewo, kalasi lonse linangoti zii. Anawo anali ataloŵeza za m'buku, koma zooneka pazenera sanazidziŵe. Vuto limeneli ndi lathu aphunzitsi.

Cholinga cha phunziro

Ana azindikire kuti kuzizira, kutentha ndi mvula ya malo zimatsata kukwera kapena kutsika kwa malowo.

Zimene mphunzitsi ayenera kudziŵa

Tikamakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Nsonga ya phiri la Chiradzulu ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pamene palekeza nyanja ya mchere, pamene tauni ya Nsanje siifika ndi mamita 100 omwe. Ana akaŵerengetsa okha adzapeza kusiyana kwa madigiri pafupifupi 10. Kenaka tiwapatse Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, yotalika mamita 3,002, kuti ayesenso.

Mvula yathu imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Koma pakati pa Meyi ndi Ogasiti mphepo yonyowa yochokera ku Nyanja ya Mchere ya India imawomba kuchokera kummwera chakuvuma. Ikakwera mapiri imazizira, ndipo imadzetsa nkhungu ndi mvula yowaza imene timaitcha chiperoni. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Chinyezi chimenechi ndicho chimathandiza tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje kukhala wobiriŵira pamene kuchigwa cha Shire udzu utauma.

Kaphunzitsidwe kake

1. Tulutsani ana panja. Aloze phiri, anene kumene mphepo ikuchokera, ndi kujambula mapu pansi, miyala ikhale mapiri, chingwe chikhale mtsinje wa Shire.

2. Ikani pabwalo chitini cha m'mbali mowongoka, kutali ndi mitengo ndi denga. M'maŵa uliwonse ana aŵiri ayese madzi ndi lula, alembe pa tchati, ndi kuwataya.

3. Atumeni akafunse agogo awo za chizimalupsa, mvula yoyamba yozimitsa lupsa, ndi zizindikiro zina za nyengo. Zimene abwere nazo ziyerekezedwe ndi za pa tchati.

Ulendo wokaona malo

Sikofunika galimoto yopita kutali. M'boma lomweli muli Magomero, kumene Bishopu Mackenzie anakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1861. Mulinso Mbombwe, kumene Mbusa John Chilembwe anayambitsa Providence Industrial Mission mu 1900, ndipo kuukira atsamunda kwa pa 23 Januwale 1915 kunakonzedwera komweko. Ana amene amaona nkhope yake pandalama amadabwa kumva kuti anali wa kwawo konkuno. Ku Nguludi, mishoni ya Akatolika imene inatenthedwa pa kuukirako, lero kuli yunivesite. Pamalo alionse tifunse ana kuti: madzi akuchokera kuti? Anthu akulima chiyani? Chifukwa ninji anasankha kumanga pano?

Chifukwa chake phunziroli n'lofunika

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anadzetsa mvula ya masiku angapo yosalekeza m'chigawo chino. Matope ndi miyala zinagumuka m'mapiri a ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu oposa 600 anataya miyoyo m'dziko muno. Ena mwa ana amene mudzawaphunzitsa anataya abale awo. Choncho nkhaniyi tiikambe mofatsa, osakakamiza mwana kufotokoza zimene anaona. Komabe tisaizembe. Mwana wodziŵa kuti dothi la pamalo otsetsereka likakhuta madzi limagumuka, makamaka pamene mitengo inadulidwa, angathe kuchenjeza a kwawo nthaŵi ikadalipo.

Ntchito ya inu ophunzira

Konzani phunziro la mphindi 35 lofotokoza za chiperoni, losagwiritsa ntchito buku m'mphindi khumi zoyamba. Lembani mafunso asanu amene yankho lake mwana angalipeze poyang'ana panja. Tidzakambirana zimene mwakonza musanapite kukayeserera uphunzitsi.