Masiku Ovuta Msambo Usanayambe: Phunziro la Zaumoyo pa Banja la Mlimi

Pa sukulu yathu timaphunzitsa wophunzira aliyense kusunga kope la munda: tsiku limene mvula yoyamba inagwa, tsiku lobzala, tsiku lothira feteleza, ndi tsiku limene mbozi zinaoneka m'chimanga. Mlimi amene amalemba amaona zinthu zobwerezabwereza zimene wongodalira mutu wake sangazione. Phunziro lino likutenga luso lomwelo ndi kuliika pa nkhani imene kwathu kuno imasiyidwa m'manja mwa alangizi, ngakhale imakhudza banja lonse: kuzunzika kwa maganizo kumene kumagwira amayi ena masiku angapo asanapite kumwezi. Abambo nawonso awerenge mpaka kumapeto.

Vutoli ndi lotani?

Amayi ambiri amamva kusintha m'thupi msambo ukayandikira, monga kuwawa kwa mabere, kutupa kwa mimba, mutu, kapena kutopa. Ambiri amapirira ndi kupitiriza ntchito zawo. Koma pa amayi 100 a msinkhu wobereka, pafupifupi 2 mpaka 5 amavutika koposa pamenepo. Mayi wodziwika ndi kufatsa amayamba kupsa mtima pa kanthu kochepa, kulira popanda chifukwa chooneka, kuda nkhawa, kusowa tulo, ndi kudziona wachabechabe. Ena amafika poganiza zodzipha. Msambo ukayamba, patangopita masiku ochepa mtima umakhazikika, ndipo mayiyo amatsala ndi manyazi pa mawu amene analankhula kwa mwamuna ndi ana. Mwezi wotsatira zimabweranso.

Madokotala amatcha vutoli premenstrual dysphoric disorder, mwachidule PMDD. Bungwe la World Health Organization linaliika pa mndandanda wake wa matenda umene unavomerezedwa mu 2019 ndi kuyamba kugwira ntchito mu 2022. Choncho si khalidwe loipa, si mizimu, ndiponso si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Mayi wodwala matendawa sakhala ndi mahomoni ochuluka kuposa anzake. Dzira likatuluka pakati pa mwezi, homoni ya progesterone imakwera kenako imatsika mwa mayi aliyense, koma ubongo wa amayi ena umasokonezeka kwambiri ndi kusinthako, makamaka pa kagwiridwe ka serotonin, amene amathandiza kukhazikitsa maganizo. Mvula imodzimodzi imagwa pa munda wa kumtunda ndi wa kudambo, koma wa kudambo ndiwo umadzaza madzi.

Yambani ndi kope

Palibe kupima magazi kumene kumasonyeza matendawa. Umboni wake ndi masiku. Mayi alembe tsiku lililonse kwa miyezi iwiri yotsatizana: mmene mtima unalili, ngati anagona bwino, ngati anatha kugwira ntchito, ndi tsiku limene msambo unayamba ndi kutha. Wosatha kulemba angagwiritse ntchito kalenda, kuika mtanda pa tsiku lovuta ndi kampira pa tsiku la msambo.

Chizindikiro cha PMDD ndi ichi: mavuto amayamba mlungu umodzi kapena iwiri msambo usanafike, amachepa ukangoyamba, ndipo mlungu wotsatira msambo umakhala wa mtendere. Ngati mlungu wa mtenderewo kulibe, vuto lingakhale lina, monga matenda a kukhumudwa kwa nthawi yaitali, kuchepa kwa magazi, kapena chithokomiro. Zimenezi zili ndi chithandizo chake, ndipo dokotala adzazisiyanitsa bwino akaona kopelo.

Mankhwala amene amathandiza

Chithandizo choyamba cha PMDD yaikulu ndi mankhwala a matenda a kukhumudwa a gulu lotchedwa SSRI, monga fluoxetine ndi sertraline. Ntchito yawo ndi kuchititsa kuti serotonin akhalitse pakati pa maselo a ubongo. Boma la America linavomereza fluoxetine pa matendawa mu 2000, ndipo mankhwalawa ali pa mndandanda wa World Health Organization wa mankhwala ofunika kwambiri.

Wodwala kukhumudwa amadikira milungu ingapo asanaone kusintha, koma pa PMDD mankhwalawa amayamba kugwira m'masiku ochepa. Chifukwa chake dokotala amasankha pakati pa njira ziwiri: kumwa tsiku lililonse, kapena kumwa masiku pafupifupi 14 msambo usanayambe ndi kusiya ukayamba. Njira yachiwiri imafuna mayi wodziwa masiku ake, ndipo apanso kope limathandiza.

Amayi pafupifupi 6 pa 10 amapeza mpumulo. Kwa otsalawo dokotala angasinthe mlingo, mtundu wa mankhwala, kapena kuyesa mapiritsi ena a kulera. Pa masiku oyamba ena amachita mseru, amamva mutu, kapena amasowa tulo, ndipo ena chilakolako cha m'banja chimachepa. Zimenezi zinenedwe kwa dokotala mosabisa. Auzidwenso ngati mayi ali ndi pakati, akuyembekeza kutenga pakati, akuyamwitsa, kapena akumwa mankhwala ena monga ma ARV, tramadol kapena azitsamba. Womwa tsiku lililonse asaleke mwadzidzidzi. Wa zaka zosakwana 25 ayang'aniridwe mosamala pa milungu yoyamba, pakuti ena maganizo odzipha amawachulukira pa nthawi imeneyi. Mankhwalawa sagawana ndi mnansi ndipo sagulidwa pamsika.

Yambirani pa kiliniki yapafupi, mutanyamula kope lanu. Ngati kumeneko sangakwanitse, pemphani kalata yopita ku Chipata Central Hospital kapena ku Mwami Adventist Hospital.

Ife a mpingo timaphunzitsa za chakudya chabwino, mpumulo ndi kupewa mowa, tiyi ndi khofi. Zimenezi zimathandizadi, pamodzi ndi kuchepetsa mchere ndi kudya zakudya zokhala ndi calcium monga mkaka, kapenta ndi bonongwe. Koma kwa mayi amene akuganiza zodzipha mwezi ndi mwezi, sizikwanira zokha. Mpingo umene unamanga chipatala ku Mwami sutsutsa mankhwala. Timpempherere mlongo wathu, ndipo timperekeze kuchipatala.

Ntchito ya mlimi ndi banja lake

Nyumba ya mlimi imasunga mankhwala opopera thonje, matimati ndi chimanga, komanso oteteza mbewu m'nkhokwe. World Health Organization imanena kuti pa anthu 5 alionse odzipha pa dziko lonse, pafupifupi mmodzi amamwa mankhwala a m'munda. Maganizo odzipha kawirikawiri amabwera mwamphamvu kwa maola ochepa ndi kupita, ndipo botolo likakhala lotsekeredwa pa maola amenewo, moyo ungapulumuke. Sungani mankhwala onse m'bokosi lokhoma kunja kwa nyumba yogona, makiyi akhale ndi munthu wina, ndipo musagule ochuluka kuposa ofunika pa nyengoyo. Munthu akanena kuti watopa ndi moyo, musamusiye yekha, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Banja lodziwa masiku ovuta lingakonzeretu ntchito. Kukambirana za ngongole ya feteleza kapena kagawidwe ka ndalama za nshawa ndi soya kudikire mlungu wa mtendere. Bambo athandize kutunga madzi ndi kusamalira ana, ndipo asabweze mawu. Inu amene munatsiriza maphunziro ndipo mwalemba antchito pa famu yanu, kumbukirani kuti lamulo la Employment Code Act la 2019 limapatsa mayi wolembedwa ntchito tsiku limodzi pamwezi lopuma popanda kalata ya dokotala, limene ambiri amalitcha Mother's Day.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi kope la masiku limasiyanitsa bwanji PMDD ndi kukhumudwa kwa nthawi yaitali?
2. Kodi mayi ayenera kuuza dokotala zinthu ziti asanayambe kumwa mankhwalawa?
3. Kodi mankhwala opopera ali pati panyumba panu lero, ndipo makiyi ali ndi yani?