Nkhama za Tigre

Nkhupakupa ndinkaziona ndithu. Madzulo aliwonse galu wanga Tigre akabwera kudzagona pathumba lake pafupi ndi khitchini, kwathu ku Chiuaula kuno ku Lichinga, zinkakhala zitadzadza m'makutu ndi pakati pa zala, zina zotupa ngati nsatsi. Ndinkazizula n'kuziponya pamakala, n'kumati ndagwira ntchito.

Mu Febuluwale, mvula ili pakati, udzu utafika m'chiuno, galu uja anasiya nsima yothira usipa imene ankaikonda. Tsiku lachiwiri mkodzo wake unali ngati tiyi wopanda mkaka. Ine ndinati akuba adampatsa chiphe, n'kuyamba kukayikira anthu osalakwa.

Mnansi wanga woweta ng'ombe anabwera ndi kapaketi ka ufa wachikasu. "Achimwene, musavutike. Ng'ombe zanga zimadzuka ndi omwewa." Tinasungunula, tinabaya mongoyerekeza. Kutacha tinabayanso, poti sanadzuke msanga. Usiku umenewo Tigre anayamba kuzungulirazungulira, miyendo kuuma, khosi kupindikira kumbuyo. Dotolo wa ziweto tinamufikira galu akupuma mobanika.

Choyamba chimene anachita chinandichititsa manyazi, chifukwa ndikanachita ndekha tsiku loyamba lija: anangokweza mlomo wa galu. Nkhama, zoyenera kukhala zofiirira, zinali mbee ngati ufa woyera. Anandifotokozera kuti nkhupakupa zobisala mu udzu zimalowetsa tizilombo ta Babesia, timene timaphwanya maselo ofiira a magazi, n'chifukwa chake mkodzo unada. Ufa wachikasu uja, diminazene, ndi mankhwala ake enieni, koma kwa galu mlingo umatengedwa pa sikelo, ndipo ukapyola kapena ukabwereza msanga, umawononga ubongo. Palinso nthenda ina, ya Ehrlichia, yobwera ndi nkhupakupa zofiirira zimene zimaswana m'ming'alu ya nyumba zathu zomwezi. Imeneyo imatulutsa magazi m'mphuno, ndipo imafuna doxycycline kwa masiku 28 osadumphitsa.

Tigre sanafike m'mawa. Mnansi wanga sindimuimba mlandu, jekeseni wachiwiri ndinabaya ndine.

Titamukwirira Tigre ndinachotsa thumba lake kuti ndiliotche. Pakhoma pamene ankatsamira panali mng'alu, ndipo nditapisamo kamtengo munatuluka tinkhupakupa tating'ono ngati mawere, tikukwera khoma kulowera kuzenera la chipinda chogona ana.