KUPUMA MOFATSA NDI MITSEMPHA YA MAGAZI MUNTHU AKATHA KUDYA

Anthu ambiri a mu Chaisa amadya cakudya cacikulu madzulo akaweruka ku nchito: nsima, ndiwo zothira saladi wambiri, kapena machipisi ndi soseji. Cakudya cotere cimapatsa nchito mitsempha ya magazi usiku umenewo.

Mkati mwa mtsempha uliwonse muli kakhungu kopyapyala kamene kamatulutsa mpweya wochedwa nitric oxide. Mpweyawu ndiwo umafewetsa mtsempha kuti utanuke, magazi ayende bwino. M'caka ca 1997, Dr. Robert Vogel ndi anzake pa University of Maryland ku America anapeza kuti munthu akadya mafuta ambiri nthawi imodzi, mitsempha yake imacepa mphamvu yotanuka kwa maola 2 kufikira 4. Izi zikamacitika tsiku ndi tsiku, mitsempha imauma ndipo BP imakwera.

Nkhaniyi si yaing'ono. Kafukufuku wa STEPS wa 2017 anaonetsa kuti mu Zambia, pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse anali ndi BP yokwera.

Kodi kupuma kumathandiza bwanji? Munthu wamkulu amapuma ka 12 kufikira ka 20 pa mphindi imodzi. Akacepetsa kufika ka 6, mtima umafatsa, mitsempha imamasuka, ndipo BP imatsikako kwa kanthawi. M'caka ca 2021, akatswiri a University of Colorado anayesa acikulire amene anali kukoka mpweya mwamphamvu kupyolera m'kacipangizo, ka 30 pa tsiku kwa milungu 6. Nambala ya pamwamba ya BP yao inatsika ndi 9, ndipo mitsempha yao inayamba kutanuka bwino.

Kupuma mofatsa sikufuna cipangizo ciliconse. Munthu acite motere:

1. Akatha kudya asagone msanga. Ayende pang'ono pabwalo kwa mphindi 10, pakuti kuyenda kumatsitsa shuga m'magazi.
2. Akhale pa mpando, msana uli coongoka, lamba atamasula.
3. Akoke mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 5, autulutse akuwerenganso mpaka 5.
4. Apitirize kwa mphindi 5 kapena 10. Akamva cizungulire aleke.

CENJEZO: Asacite zimenezi pafupi ndi mbaula, makamaka m'nyumba yotseka. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha.

Kupuma sikucotsa mafuta amene alowa kale m'magazi. Cofunika coyamba ndico kucepetsa saladi, mcere ndi zokazinga, ndi kuonjezera masamba monga cibwabwa, repu ndi bondwe. Amene anapatsidwa mankhwala a BP kapena a shuga asaleke kumwa cifukwa cakuti ayamba kupuma mofatsa.

BP yokwera kawirikawiri siwawa paliponse. Conco aliyense wamkulu apite kukapimitsa ku kiliniki ya Chaisa. Womva kupweteka m'cifuwa kapena kubanika akatha kudya, athamangire naye ku cipatala nthawi yomweyo.